Mano a Dingani pa Baji ya Amayi

Kabwata, Lusaka
Lamlungu masana

Okondedwa akulu anga a Thandizo,

Landirani moni wanga, ine mng'ono wanu Lena. Muli bwanji kumeneko ku Katete? Nanga Amayi, miyendo ija ikuwalola kufika pakhonde kukaothera dzuwa? Chifuwa chija chinatsika, kapena akubisabe monga mwa chizolowezi chawo? Kuno ndili bwino, kungoti mphepo ya chaka chino yatiluma zedi. Magetsi akungobwera ngati mlendo wodutsa, ndipo madzi ndikumakatunga pansi n'kukwera nawo masitepe, msana wayamba kundiuza zaka zanga. Kusitolo ya nsalu ku Kamwala ntchito ikuyenda, ngakhale ogula achepa.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati masiku akale. Foni yanu ija imalankhula ngati wailesi, ndipo Amayi chinafooka ndi maso, makutu ayi. Muwerenge muli nokha. Emmy, mnzanga wa kuntchito amene akupita ku Chipata, akupatsani kalatayi pa siteji pamodzi ndi kampango komanga mfundo. Chonde musamasule kampangoko musanafike kumapeto kwa kalata.

Tsopano nkhani ya baji. Munandiuza kuti Amayi chivulireni zakuda za maliro a Atate sanavalebe yunifomu ya Chigwirizano chifukwa baji yawo palibe, ndipo amayi ena kumpingo ayamba kunong'onezana kuti kapena anadulidwa. Mawu amenewo anandilasa. Amayi athu, amene ankapita Lachinayi lililonse ndi mvula yomwe, lero azinenedwa zotere? Munatinso amayi a Chigwirizano akubwera kudzapemphera nawo pakhomo Lachinayi likubwerali, ndipo iwo anenetsa kuti satuluka m'chipinda pachifuwa pali pambalambanda. Yatsopano imene munawagulira anaikana, ati ikunga chitsekero cha botolo. Ine ndikuwamvetsa. Yakale ija anawaveka ndi malemu mayi abusa ndi manja awo, ndipo Amayi ananena kalekale kuti ndi imene adzagone nayo m'bokosi.

Kumene inapita tonse tikudziwa. Amayi ankaisunga m'chitini cha mabisiketi cha Atate, pamodzi ndi mabaji awo aja, poti m'menemo simunkafika dzanja la mwana. Tsiku logawa zovala za Atate, mlongo wathu Dingani anakana jekete, anakana nsapato, anangokumbatira chitini. Tonse tinali m'misozi. Palibe anakumbuka kuti m'chitinimo muli chinthu cha munthu wamoyo.

Inu mukukumbuka mmene Atate anapezera mabajiwo. Zaka zonse zija akusita masuti kochapira zovala m'tauni muno, mabwana ankaiwala mabaji pa makolala a majekete. Atate ankawachotsa n'kuwaika m'kambale pa kauntala kuti eni ake adzatenge. Amene agonera chaka osafunsidwa, mwini malo ankati a Sakala tengani mukapatse ana. Munali a njanji, a ndege, a mpira, a tsiku la ufulu, ena sitinkadziwa n'komwe kuti ndi a chiyani. Atate ankawayala pa mphasa Lamlungu n'kumaseka kuti m'chitini muno iwo ndi woyendetsa ndege, ndiponso nduna. Koma sananamizepo munthu kuti ndi awo.

Ndiye Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Woodlands. Dingani kunalibe, ati ali ku msonkhano wa kuntchito ku Siavonga. Anandilandira ndi alamu athu, mkazi wake, ba Cheryl, ndi moni wawo wa Chibemba uja wa shani shani ndi tiyi wa m'tikapu topyapyala toti ukagwira umaopa kupuma. Nditakhala pa sofa, maso anga anagwa pakhoma. Akulu anga, mabaji a Atate ali m'bokosi lagalasi pamwamba pa TV, awayala m'mizere pa nsalu yofiira ya veleveti, ndipo m'katimo muli kababu kowawalitsa. Onse akung'anima ngati agulidwa dzulo. Pakati penipeni, pamalo a ulemu, pali baji ya Amayi.

Ndinanena chimene ndinadzera, mwaulemu ndithu. Nkhope ya alamu inasintha pomwepo. Anayamba ndi kunena kuti bokosilo lilibe kiyi. Kenaka anati ndi lomata kumbuyo, silitseguka. Kenaka anati ndidikire bambo a Chloe, ndiye kuti Dingani, zinthu za kubanja kwathu iwo sangazigwire. Mayankho atatu pa funso limodzi! Ine ndinangoti chabwino, ndiloleni ndiione pafupi.

Mukudziwa chizindikiro cha baji ya Amayi. Dingani akumera mano, ali pamiyendo pawo m'tchalitchi, anailuma m'mphepete, pa buluu paja panatsala timaenje tiwiri. Ine ndinali pambali pawo tsiku limenelo, ndinaona Amayi akumulanda m'kamwa uku akuseka mobisa. Kuyambira pamenepo akamapemphera chala chawo chachikulu chimasisita pomwepo. Ndiye ndinayandikira mpaka mpweya wanga unachita nthunzi pagalasi. Buluu yense ali see, wosalala kuzungulira. Timaenje palibe. Ndinati mumtima, iyi si baji ya Amayi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndinabwerera ku Kabwata mutu ukutentha. Ndinayamba kukumbukira zonse za alamu: mmene anakhalira pa mpando pamaliro a Atate ife tili pansi, mmene amanenera kuti kumpingo kwawo safuna mayunifomu, mmene amayang'anira mapazi athu tikalowa pa kapeti. Ndinati ameneyu wagulitsa yeniyeni, waikapo yonamizira.

Lamlungu lotsatira madzulo ndinapitanso osawadziwitsa. Ndinapeza bambo wina wa chipewa ataima pa bokosi lija, ali ndi kagalasi kokuzira zinthu padiso. Ati ndi ba Kapembwa, amagula ndi kugulitsa zinthu zakale pa msika wa Lamlungu ku Kabulonga, kumene azungu amakonda. Pambali pake panali Dingani wathu, amene masiku ano anzake amamutcha ba Dee, akulozaloza ndi chala. Akulu anga, ndinamva ndi makutu angawa. Ati iyi Atate anailandira kunjanji, iyi anawapatsa a ndege, iyi ndi ya pomenyera ufulu. Atafika pa ya Amayi anati imeneyi mpingo unawapatsa Atate chifukwa chomanga tchalitchi. Atate athu omwe aja, amene ankagona tulo ulaliki usanafike pakati!

Ndinatsokomola mokweza. Dingani anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti ndisamuchititse manyazi pamaso pa alendo, za baji tidzaona, Amayi angodekha. Ndinamufunsa kuti adekha bwanji anthu akuwanena. Iye anati zonena za kumudzi sizitha. Nthawi yonseyi alamu anali pasinki, akutsuka makapu otsuka kale, osatembenuka. Ndinati basi, mwana wa Amayi mkaziyu anamudyetsa mankhwala, ndipo wogula katundu ndi uyo ali pabalazayo.

Inu mukundidziwa, kanthu kakandilowa m'mutu sindigona. Sabata yotsatira ndinajomba kutchalitchi, Mulungu andikhululukire, n'kupita ku Kabulonga. Ndinapeza tebulo la ba Kapembwa. Mabaji awo amawasunga aliyense m'kabokosi kake, pa thonje, ati akakhudzana amakalana ndipo chinyezi chimawadya. Ndinavundukula timabokosi tonse ngati wofuna kugula, kufunafuna buluu wa mano awiri. Osaipeza. Mapeto ake ndinawafunsa maso ndi maso ngati anagulapo kanthu ku nyumba ya ku Woodlands. Anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. Anati anaitanidwa kuti akaone, koma aja sangawatenge ngakhale aulere, ndipo ngati ndikufuna kudziwa chifukwa ndikafunse amene anawaika m'galasi. Zambiri anakana kunena, ati salowa za m'nyumba za eni. Ine ndinati umu ndi mmene akuba amayankhulira.

Komabe mawuwo anandikhala. Ndili m'minibasi ndinakumbuka nsalu yofiira ija. Akulu anga, ine nsalu ndimaidziwa ngati nkhope ya munthu. Veleveti ameneyo ndi wa m'sitolo mwathu, ndipo amene amagula kawirikawiri ndi ba Chiti, bambo wopanga mafulemu a zithunzi kuseri kwa masitolo a zitsulo konkuno ku Kamwala. Mwina ndinamudula ndi manja anga omwe, osadziwa kumene akupita.

Lolemba nthawi ya nkhomaliro ndinapita kwa ba Chiti. Nditangotchula bokosi la mabaji nkhope yawo inawala, ati imeneyo ndi ntchito yawo ndipo amainyadira. Anafotokoza okha ndisanafunse. Ati mabajiwo ankakana kugona bwino pansalu chifukwa cha mapini akumbuyo, galasi linkalephera kutsekeka. Ndiye anatenga chodulira waya n'kudula mapini onse, mmodzimmodzi, n'kumata mabajiwo pansalu ndi guluu wolimba. Amene anali okalika anawapaka kyutekisi, penti wa zikhadabo uja, kuti aoneke atsopano. Ankanena akumwetulira, ngati munthu woti wapulumutsa mwana pamadzi.

Ndinafunsa kuti ndi madamu anawalamula zimenezo? Anandiyang'ana modabwa, ati madamu ake ati? Iwo sanaonepo mzimayi. Anabwera ndi bwana yekha, wamtali, wa mpata m'mano, atanyamula chitini cha mabisiketi, ndipo anaima pomwepo mpaka ntchito inatha. Ba Chiti anati atafika pa ya buluu ija anaima kaye, poti anaizindikira kuti ndi ya amayi a kumpingo, n'kufunsa ngati mwini wake anamwalira. Bwana anayankha kuti palibe amaivala, dulani. Anamuonetsanso timaenje tija. Bwana anati apake penti, pakuoneka ngati panatafuna khoswe.

Ndinakhala pa chitini cha penti, diresi langa la kuntchito lili ndi chizindikiro mpaka lero. Masabata onsewa ndinkanolera mpeni mwana wa eni, pamene wodula ndi wa m'mimba mwathu momwe. Mzime wa Amayi, amene inu ndi ine tinkasinthana kubereka kumsana mpaka kuchedwa kusukulu. Ndakhala ndikudzifunsa ngati anaiwala kuti mano aja ndi ake, kapena ankadziwa bwinobwino. Nkhani imeneyo Amayi anaikamba kangati iye ali pomwepo? Ine ndikuti ankadziwa. Ndipo ngati anaiwaladi, sindikudziwa kuti chopweteka kwambiri ndi chiti.

Dingani ndinamuimbira foni, sanayankhe. Anangotumiza uthenga kuti ali mu miting'i. Ndinaimbanso mawa lake, miting'i yomweyo. Ndinayamba kukonza mawu oti ndikuuzeni kuti ndalephera, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti Loweruka ndipita ndi mwala ndikaswe galasi lija, zinazo tidzakambe kupolisi.

Lachisanu madzulo ndikuchokera kuntchito, ndinamva nsapato za gogoda zikukwera masitepe athu. Kutsegula chitseko, ndi ba Cheryl, amene chikwatiwireni sanapondepo pakhomo panga. Analibe shani shani tsiku limenelo. Anakhala pa kampando kanga kopendekeka kaja n'kutulutsa kampango m'chikwama. Anati Dingani atapita kokathamanga m'mawa, iwo anatsitsa bokosi, anakanganula kumbuyo ndi mpeni wa kukhitchini, n'kudula nsalu mozungulira baji chifukwa guluu anakana kusiya. Chala chawo chinali chomanga pulasitala.

Anandiuza kuti tsiku loyamba lija nditachoka, anamufunsa mwamuna wawo, ndipo iye anaulula kuti mapini anadulitsa. Anawalamula kuti azindizengereza mpaka Amayi aiwale, ati okalamba sachedwa kuiwala. Alamu anati iwo anayesa kumvera, koma mayi awo omwe anaikidwa m'manda atavala za kumpingo kwawo, ndipo nthawi zonse akayatsa kababu kaja ankaona ngati atsekera munthu m'galasi.

Ndinawafunsa kuti nanga pamalo pamene panatsala dzenje? Anati anamatapo kansalu n'kuikapo batani la buluu la pa khoti lawo. Anachita zimenezi kumayambiriro kwa sabata, ndipo mpaka tsikulo Dingani anali asanaone kanthu. Dzulo lake anali ndi alendo, ndipo anawalozera batanilo n'kunena kuti iyi mpingo unawapatsa Atate. Apa ndinaseka, akulu anga, kuseka koipa kotuluka ndi misozi. Nawonso anaseka, kenaka analira.

Koma musaganize kuti ndinangolandira n'kuthokoza. Munthu amene wanamizidwa kawiri sakhulupirira kampango. Ndinatenga baji ija pamaso pawo, ndinapita nayo pawindo, n'kuyamba kukanda m'mphepete ndi chikhadabo. Kyutekisi anayamba kusupuka pang'onopang'ono. Pansi pake panatuluka kadzenje kamodzi, kenaka kachiwiri. Ndi yomweyo. Ndinaika chala changa pamene Amayi amaika. Ndinangopita kukatereka madzi a tiyi, n'kuwapatsa alamu kapu yanga yabwino ija.

Ngakhale pano sindinganene kuti ndawamvetsa onse a m'nyumba ija. Maso a alamu anali otupa, ndipo kutupa kwake sikunali kwa tsiku limodzi. Pochoka anandipempha kuti Dingani akadzafunsa, ndidzanene kuti ndinatenga ndine. Ndinavomera, ndipo ndidzanena mokweza. Koma ndinatsala ndikudzifunsa kuti mkazi wa ntchito yake, wa galimoto yake, amaopa chiyani chotere pa nkhani ya batani. Geti lalitali limabisa zambiri. Zimenezo ndiziyang'anira ine kuno.

Dzulo ndinazungulira nayo baji kwa okonza mawotchi m'tauni kuti aikenso pini. Awiri onse anati pamafunika moto, ndipo moto ukhoza kuswa buluu yense. Ndinakana. Bola ikhale yopanda pini kusiyana ndi kuti mano aja achoke. Ndiye kansalu kofiira kamene kanamatirira kumbuyo ndakasiya, ndakadula bwino mozungulira n'kukapenderera m'mphepete kuti kasasosoke. Singano ikhoza kudutsa pamenepo.

Tsopano masulani kampango.

Pempho langa ndi limodzi. Lachitatu muchape bulauzi yoyera ya Amayi, muisite, ndipo iwo akagona masana musokerepo bajiyo kumanzere, pamene pali timabowo takale ta pini. Mugwiritse ulusi woyera, muulowetse pansi kuti chofiira chisaoneke. Zala zawo zidzafunafuna pini, ndikudziwa. Mudzawauze kuti mwaisokerera kuti isadzasocherenso, ndipo pamenepo simudzakhala mutanama kwambiri. Akadzaika chala pa timaenje tija n'kunena kuti Dingani wanga, monga amanenera nthawi zonse, musadzayankhe kanthu. Mudzatuluke panja ngati pakamwa pakukuyabwani. Mawu a khoswe aja athere mu kalata muno, ndipo kalatayi mukawerenga muisonkhezere pamoto. Musoke molimba, akulu anga, chifukwa mmene mukunenera za chifuwa chawo, mwina bajiyo sidzachokanso pa bulauzi imeneyo.

Za Dingani ndisiyireni ine. Tsiku limene adzazindikire kuti akulozera alendo batani, adzandipeza ndili pano pa Kabwata, ndipo ndidzamufunsa kuti atsegule pakamwa ndione ngati mano ake ndi a khoswe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, amuna anu, muwathokoze chifukwa cha nkhuni zimene amawatemera Amayi. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a kutsidya kwa dambo, ndi kwa ana anu onse, muwauze kuti zitenje zawo ndikusunga. Amayi a Chigwirizano akabwera muwalandire bwino, ndipo onong'ona aja muwakhazike kutsogolo kuti aone bwino pachifuwa.

Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Muwauze kuti ana awo a ku Lusaka akupereka moni. Munene kuti onse.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mng'ono wanu,
Lena